Mawu a Mbusa: Wofuna Kuleka Mowa Apite kwa Yani?

 Musanapitirire ndi nkhani ya mwezi uno, tsegulani Buku Lopatulika muwerenge Marko 2:1-12 ndi Agalatiya 6:1-2, pakuti pamenepo ndi pamene patsamira zonse zimene tinene.

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ndalama za fodya, za soya ndi za mbatata ya kachewere zikalowa m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, alendo a kunyumba ya mbusa amachuluka. Amabwera amayi amene amuna awo anapita kumsika ndi matumba n'kubwerako chimanjamanja patapita masiku atatu. Amabwera makolo okalamba kudzadandaula za mnyamata amene wagulitsa feteleza wa ngongole n'kumwera. Koma nthawi zina amabwera mwini wake, kawirikawiri kutada kuti anthu asamuone, ndipo funso lake limakhala limodzi: "Abusa, ndatopa nawo mowa. Ndayesa kuleka koma ndalephera. Ndipite kwa yani?"

Funso limeneli munthu salifunsa chaka ndi chaka. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma akatsekula osaona njira, amabwerera m'nyumba momwemo ndipo mwina sadzatsekulanso. Chifukwa chake Mkhristu aliyense, mkulu wa mpingo, mtumiki, mayi wa chigwirizano, ayenera kukhala ndi yankho lokonzeratu. Yankho lathu ndi ili: apite kwa Khristu, apite kuchipatala, ndipo apite kwa anzake amene anamangidwapo ndi mowa namasuka, azikumana nawo sabata ndi sabata. Mbali yachitatuyi ndiyo isadziwika bwino pakati pathu, ndipo ndiyo tikambe lero.

Chifukwa chake lumbiro lokha silikwanira

Ambiri mwa anthu amene mowa unawamanga analumbirapo kale, ena pamaso pa akazi awo, ena pamaso pa ankhoswe, ena atagwira Baibulo. Sanali kunama pamene ankalumbira. Koma thupi la munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri limazolowera, mwakuti mowa ukasowa manja amanjenjemera, tulo timathawa, mtima umathamanga, ndipo chimene chimaziziritsa zonsezi msanga ndi botolo lomwe lija. Mlembi wa Miyambo anachiona chimenechi kalekale. Kumapeto kwa mutu 23 akutionetsa munthu womenyedwa amene sakumva kuwawa, ndipo maganizo ake oyamba podzuka ndi okafunanso chakumwa chimene chamugwetsa. Kuledzera ndi tchimo, Mawu a Mulungu sabisa. Koma tchimo limeneli likakhazikika limasanduka goli pakhosi ndi nthenda m'thupi, ndipo goli silichoka chifukwa chakuti ng'ombe yalidana nalo.

Pali chinanso. Munthu akaleka mowa amataya anzake onse tsiku limodzi. Amene ankasewera nawo bawo, amene ankamubwereka ndalama, amene ankamvetsera nkhani zake, onse ali kubaraka kapena pakhomo pa wotcheza kachasu. Kutchalitchi amakhala pa benchi lakumbuyo, anthu amamupatsa moni waulemu koma wapatali. Ulaliki umatha Lamulungu masana, pamene ludzu limabwera Lachitatu dzuwa litapendeka, mbusa ali ku mlaga wina, mkulu wa mpingo ali kudimba. Pa ola limenelo munthu amasowa wina amene akulidziwa ola lomwelo m'thupi mwake.

Tonse tikukumbukira mwezi wa Januwale 2015, pamene anthu 75 anafa ku Chitima m'boma la Cahora Bassa atamwa pa maliro mowa wa pombe wofululidwa ndi ufa wowonongeka. Dziko lonse linakhuza maliro amenewo masiku atatu. Komatu bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu okwana 2.6 miliyoni anafa chifukwa cha mowa. Amenewa amafa mmodzimmodzi, wina ndi chiwindi, wina pa njinga yamoto, wina pa ndewu, ndipo palibe mbendera imene imatsitsidwa. Ena a iwo maina awo ali m'kaundula wa mipingo yathu.

Njira imene ena anaipeza

Nzeru yakuti womwa athandizidwe pakati pa gulu si ya dzulo. M'chaka cha 1877 mbusa wina wa ku Geneva m'dziko la Switzerland, Louis-Lucien Rochat, anayambitsa bungwe la Croix-Bleue, limene pa Chingerezi amati Blue Cross. M'bungwe limenelo Akhristu ankalonjeza kusala mowa pamodzi ndi oledzera ofuna kuleka, kuti wofooka asayende yekha.

Nkhani imene tifuna muisunge ndi ya mwezi wa Meyi 1935. Munthu wina wamalonda wa ku New York, Bill Wilson, amene mowa unatsala pang'ono kumupha, anali atakhala miyezi isanu osamwa. Anapita ku mzinda wa Akron m'chigawo cha Ohio pa za malonda, malondawo analephereka, ndipo anatsala yekha mu hotela wopanda womudziwa. Mbali imodzi ya chipinda cholandirira alendo kunali komwera mowa, kukumveka kuseka. Mbali ina kunali chikwangwani cha maina a mipingo ndi abusa ake. Iye anazindikira kuti akapanda kulankhula ndi chidakwa mnzake tsiku lomwelo, amwa. Anaimbira mbusa wina, Walter Tunks, ndipo mbusayo anamupatsa maina a anthu oti awafunse. Mwa njira imeneyo anakumana ndi dokotala wa opaleshoni, Bob Smith, amenenso mowa unali kumuwononga. Dokotalayo anavomera kucheza mphindi 15 zokha, koma anacheza maola angapo mpaka usiku, chifukwa mlendoyo sanabwere kudzamudzudzula. Anabwera kudzafotokoza za iye mwini, ndi kunena kuti iyenso akusowa thandizo.

Pamenepo ndi pamene panabadwira gulu la Alcoholics Anonymous, pa Chipwitikizi Alcoólicos Anónimos, mwachidule AA. Iwo amawerengera chiyambi chawo pa 10 Juni 1935. Mu 1939 anasindikiza buku lofotokoza masitepe 12 a kuchira, amene mwa ena ndi kuvomereza kuti mowa wakugonjetsa, kudzipereka kwa Mulungu, kusanthula moyo wako, kuulula zolakwa kwa munthu wina, kubweza kwa amene unawalakwira, ndi kuthandiza womwa mnzako. Lero magulu awo ali m'maiko pafupifupi 180. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, napeza kuti njira imeneyi imathandiza anthu kukhala osamwa mofanana ndi uphungu wina wa akatswiri, ndipo m'mbali zina kuposa apo.

Taonani gawo la mbusa uja. Sanalalike pa telefoni, ndipo si iye anachiritsa munthu. Anadziwa kolozera. Gawo limenelo mpingo uliwonse ungathe kulikwanitsa.

Yambani ndi chipatala

Tisanaloze kumene kuli misonkhano, tichenjezane za chinthu chimene chingaphe munthu. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, makamaka amene amanjenjemera m'mawa mpaka atalawako, asaleke mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Kunjenjemera, thukuta ndi nseru zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chilekereni. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu. Cha pa tsiku lachitatu ena mutu umasokonezeka, thupi limatentha, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, amamva mawu a anthu amene palibe. Achibale akaona zimenezi amaganiza za ufiti kapena ziwanda, namutsekera m'chipinda. Iyi ndi nthenda imene madokotala amaitcha delirium tremens. Imapha, koma mankhwala ake alipo. Munthu wotere munyamuleni msanga kupita naye kuchipatala, ndipo mupemphere muli pa ulendo.

Tsono wofuna kuleka ayambe wakaonana ndi a chipatala, awauze zoona za kuchuluka kwa mowa umene amamwa, kuti amuthandize kudutsa sabata yoyamba. Gulu la anzake ndi la kumusunga pa miyezi ndi zaka zotsatira.

Kumene mungafunse

Safunsa anadya phula. Magulu otere sakhala ndi zikwangwani zazikulu, chifukwa amasunga chinsinsi cha anthu awo, choncho amapezeka mwa kufunsa.

Choyamba, funsani kuchipatala komweko. M'zipatala za m'maboma, monga cha ku Ulónguè, ndi m'zipatala zazikulu za ku Tete ndi Lichinga, funsani gawo la Saúde Mental. Kumeneko kuli ogwira ntchito otchedwa técnicos de psiquiatria, amene matenda a mowa ndi gawo la ntchito yawo. Afunseni ngati pali gulu la anthu oleka mowa limene limakumana, tsiku lanji, ndiponso kuti. Palibe chifukwa chochitira manyazi ndi khomo limenelo. Si la amisala okha monga ena amanenera.

Chachiwiri, m'likulu la chigawo muli ofesi ya boma yotchedwa Gabinete Provincial de Prevenção e Combate à Droga, imene imagwira ntchito ndi mabungwe othandiza anthu omangidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mkulu wa mpingo amene ali ndi ulendo wa ku mzinda apatukireko, afunse, abwere ndi yankho lolemba.

Chachitatu, funsani ku mipingo ina, ngakhale ku parishi ya Akatolika. Misonkhano yambiri ya AA pa dziko lapansi imachitikira m'zipinda za matchalitchi. Munthu amene nyumba yake ikupsa safunsa kuti madzi atungidwa pa chitsime cha yani.

Chachinayi, kumbukirani ana athu amene ali kutali. Ku South Africa gulu la AA linayamba mu 1946, ndipo misonkhano yake ilipo ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Ku Harare nakonso ilipo. Ngati muli ndi mwana ku Joni amene ndalama zake zikuthera m'botolo, muuzeni dzina limeneli kuti akalifunse kumeneko. Ndipo amene ali ndi foni ya intaneti namva Chipwitikizi kapena Chingerezi angathe kulowa misonkhano ya AA yochitika pa intaneti tsiku lililonse, ngakhale kuti kumva mawu pa foni sikulingana ndi kukhala pa mphasa imodzi.

Chachisanu, ndipo m'midzi yathu ichi ndicho chachikulu: funsani munthu amene analeka. Palibe dera limene lilibe bambo kapena mayi amene anthu amati, "Uja ankagona m'ngalande, koma tsopano zaka zapita osalawa." Munthu ameneyo ndi chuma cha mpingo. Ngati pali gulu pafupi, iye alidziwa. Ngati palibe, iye ndiye mbewu yake.

Kuzindikira gulu loona

Pamene pali anthu osweka mtima, ofuna kudyerapo sasowa. Gulu loona sililipiritsa polowa. Ngati pali mbale ya chopereka, aliyense amaponya mwa kufuna kwake, ndipo wopanda kanthu sabwezedwa. Siligulitsa mankhwala, madzi kapena mafuta oti achotse ludzu. Silimanga munthu ndi unyolo, silimukwapula, silimusalitsa chakudya mokakamiza. Siliuza munthu kuti aleke ma ARV, mankhwala a TB kapena a khunyu. Sililonjeza kuti zonse zitha usiku umodzi. Siliimika munthu pamaso pa khamu kuti achitire umboni asanafune. Chimene limafuna kwa wolowa ndi chimodzi chokha, mtima wofuna kuleka. Ndipo kwa inu amayi, musathire mwamseri mankhwala osanzitsa m'chakudya cha amuna anu. Chiwindi chotopa ndi mowa sichipirira zotere, ndipo munthu saleka chimene sanasankhe kuleka.

Pamene palibe, yambitsani

Kuchokera ku Ulónguè kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200. Msonkhano umene munthu sangaufikire wapansi kapena pa njinga sabata iliyonse sungamusunge. Chifukwa chake m'malo ambiri yankho lidzakhala kuyambitsa. Sipafunika khamu. Ku Akron anayamba awiri.

Mpingo upereke chipinda, kaya cha Sande sukulu kaya chosungiramo mabenchi, chimene khomo lake silipenya kumsewu. Pakhale tsiku limodzi ndi ola limodzi losasinthasintha, mvula kaya dzuwa, ndipo likhale ola limene ludzu limavuta, monga madzulo a tsiku la msika. Wotsogolera akhale munthu amene analeka mowa ndipo wakhazikika. Atsegule ndi pemphero lalifupi, kenaka aliyense alankhule pa nthawi yake za iye mwini: mmene sabata yapitira, pamene anatsala pang'ono kugwa, chimene chinamugwira dzanja. Wina akulankhula, ena asamudule, asamuseke, asamulalikire. Wosafuna kulankhula angomvetsera. Asalonjezane za moyo wonse. Alonjezane za lero, ndipo mawa adzalonjezanenso. Watsopano aliyense apatsidwe mnzake amene wayenda ulendo wautali osamwa, akhale ngati nkhoswe yake, woti angathe kumugogodera kapena kumulizira foni usiku ludzu likamugwira. Bambo akhale ndi bambo mnzake, mayi ndi mayi mnzake, pakuti amayi omwa mobisa aliponso ndipo manyazi awo ndi owirikiza. Ngati gululo lili m'manja mwa mpingo, lipatseni dzina lakelake, chifukwa mwambo wa AA sulola gulu lawo kukhala nthambi ya mpingo kapena bungwe lina.

Tsono pali mawu ovuta amene tiyenera kuwanena poyera. Mkulu wa mpingo atsegule chitseko, apereke moni, achoke. Mbusa abwere pokhapokha ataitanidwa. Zonenedwa m'chipindamo zisafike ku bwalo la akulu a mpingo, zisafike kwa mfumu, zisafike pa chitsime. Munthu amene akudziwa kuti mawu ake a Lachinayi adzawerengedwa pa bwalo Loweruka sadzanena zoona, ndipo gulu limene mulibe zoona lafa kale. Chinsinsi chimaswedwa pokhapokha moyo wa munthu uli pa ngozi, kapena mwana akuchitidwa nkhanza.

Ena adzafunsa kuti, "Kodi kumeneku si kubisa tchimo?" Iyayi. Bwalo lili ndi ntchito yake ndipo lipitiriza kuigwira pa zimene zaonekera poyera. Koma cholinga cha chilango cha mpingo ndi kubweza wolakwa, ndipo Paulo polembera Agalatiya akulamula kuti kubwezako kuchitike mofatsa, wobwezayo akudziyang'anira yekha, ndi kuti katundu wolemera asenzedwe mothandizana. Yakobo 5:16 akuika kuululirana ndi kupemphererana pa njira ya kuchira. Munthu woimitsidwa pa Mgonero amene ali ndi chipinda chopitako sabata ndi sabata ali pa ulendo wobwerera ku gome la Ambuye. Amene alibe kopita ali pa ulendo wa kubaraka.

Enanso adzati, "Magulu a AA amalola aliyense kutchula Mulungu monga momwe akumudziwira, kodi Mkhristu angakhalemo?" Angakhalemo, monga amagonera m'chipatala chimodzi ndi Asilamu ndi osapemphera osataya chikhulupiriro chake. Gulu si mpingo, silibatiza, silikhululukira machimo. Kumbukirani amuna anayi a pa Marko 2. Iwo sanachiritse wopuwala uja. Ananyamula mphasa, nasasula denga, namufikitsa pamene panali Yesu, ndipo Ambuye anayang'ana chikhulupiriro cha onyamulawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sanyamula mphasa ya ngodya zinayi. Chosiyana n'chakuti m'gulu limene tikunenali, onyamula ndi anthu amene anagonapo pa mphasa yomweyo.

Mawu kwa a m'banja

Mowa umamwedwa ndi mmodzi koma umaledzeretsa nyumba yonse. Mu 1951 Lois Wilson, mkazi wa Bill uja, pamodzi ndi mnzake anakhazikitsa gulu la Al-Anon la akazi, amuna ndi achibale a anthu omwa, ataona kuti iwonso ali ndi mabala awo. Amayi a chigwirizano angathe kupatula nthawi yoti amayi otere azikumana paokha, ndi lamulo lomwelo la chinsinsi. Kumeneko adzaphunzira kuti si iwo anachititsa, ndi kuti kubweza ngongole za mowa ndi kunamizira bambo kuti akudwala malungo kumangotalikitsa nthendayo. Koma pamene pali kumenya, mayi asauzidwe kuti angopirira. Lamulo la 29/2009 la dziko lathu limaletsa nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli ofesi yolandira amayi ndi ana ochitidwa nkhanza. Mpingo umuperekeze kumeneko.

Wogwa adzuke

Ambiri amene analeka kotheratu anagwapo panjira, ena kangapo. Munthu akagwa, Satana amamunong'oneza kuti asaonekenso ku gulu. Pamenepo nkhoswe yake ipite ikamutenge, ndipo akalowa apeze mpando wake ulipo. Masiku awerengedwenso kuyambira pa loyamba, popanda mnyozo. Petro anakana Mbuye wake katatu, koma pa Yohane 21 timupeza akupatsidwa chakudya cham'mawa ndi ntchito.

Pempho lathu kwa mabwalo onse ndi ili: Mgonero wotsatira usanafike, mlaga uliwonse ukhale utadziwa khomo loyenera kugogoda kuchipatala chapafupi, utafunsa ngati pali gulu m'deralo, ndipo ngati palibe, utapatula chipinda ndi kulankhula mwaulemu ndi anthu awiri kapena atatu amene analeka. Ndipo kwa inu mbale, kwa inu mlongo, amene mukuwerenga izi pakhosi pakuuma: simuli oyamba, ndipo Mulungu sanakutayeni. Musadikire chaka chatsopano. Sabata ino pitani kuchipatala, ndipo mupite kwa munthu uja mukumudziwa kuti analeka, mumuuze zoona. Mudzapeza kuti iyenso anali kusowa inu.

Ambuye amene amamasula am'nsinga akusungeni nonse, kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.

Ndine wanu mu utumiki,
Mbusa